Musapukute dinari ya Aroma, yambani mwaiyeza

A Mkonzi,

Tiloleni tichenjeze anzathu amene ayamba kugula ndalama zasiliva za Aroma akale pa intaneti. Ambiri amakopeka ndi nkhope ya mfumu, osalabadira mulungu wojambulidwapo, chonsecho mulunguyo amathandiza kuulula nthawi ya ndalamayo ndi cholinga cha amene anaisula.

Dinari, ndalama yasilivayo, inayamba kusulidwa cha m'ma 211 BC, nkhondo yolimbana ndi Hannibal, mkulu wa asilikali a ku Carthage, ili mkati. Pa zoyambirirazo, kumaso kuli Roma, mulungu wamkazi woimira mzinda wa Roma, atavala chisoti chamapiko ndi chizindikiro X pambali, kuseri kuli milungu yamapasa Castor ndi Pollux pa akavalo. Milunguyi izindikireni ndi zimene yanyamula, poti nkhope zimafanana ndipo zimafufutika msanga. Jupiter amagwira mphezi. Fortuna amagwira chiwongolero cha ngalawa ndi nyanga yodzaza zipatso. Minerva, amene wadzaza pa madinari a mfumu Domitian, amakhala ndi mkondo ndi chishango, pa zina kadzidzi ali kumapazi. Julius Caesar anaikapo Venus, kuseri mwana wake Aeneas atanyamula bambo ake Anchises, pofuna kuti aliyense wolandira malipiro adziwe kuti banja lake linachokera kwa mulungu wamkaziyo.

Musanalipire, funsani kulemera kwake, ndipo ikafika muiyezenso pa sikelo yowerenga mpaka 0.01 g. Ya nthawi ya Caesar imakhala pafupifupi magalamu 3.9, mfumu Nero inaitsitsa kufika pa 3.4 m'chaka cha 64 AD. Ikapepuka kwambiri koma zithunzi zili zakuthwa, ikayikireni, mwina mkati ndi mkuwa wongokutidwa siliva. Yang'anani m'mphepete ndi galasi lokuza ka 10. Mzere wozungulira m'mbali ndi timaenje tonga thovu zimasonyeza kuti inathiridwa m'chikombole, pamene zenizeni ankazimenya ndi nyundo pakati pa zidindo ziwiri.

Chimene chimatiwawa kwambiri ndi kupukuta. Kuda kwa siliva wakale si litsiro. Polishi, phulusa kapena mankhwala otsukira mano zimasiya timikwasa, zimadya nthenga za pachisoti cha Roma, mtengo n'kugwa. Ngati pali dothi, iviikeni m'madzi a distilled (madzi otchezedwa, opanda mchere), mulichotse pang'onopang'ono ndi kamtengo kofewa. Siliva wokhalitsa m'nthaka amathanso kufooka mkati, moti dinari ikagwa pasimenti ikhoza kusweka.

Isungeni m'kaenvulopu ka pepala lopanda asidi, osati m'pulasitiki wofewa wa PVC amene amasiya zomata zobiriwira. Pakaenvulopupo lembani kulemera, mulungu wake, ndi kumene munaigula.

Ife osunga ndalama zakale