Ma watts olembedwa pa katoni si amene amayimba

Akonzi,

Ndiloleniko ndilankhule ndi anzanga amene timanyamula masipika kumaukwati, ma kitchen party ndi ma overnight akutchalitchi muno mu Lusaka, ndi aja okonda kumvera nyimbo phee kunyumba. Nkhani yanga ndi ya ampu (amplifier), makina aja okuza mawu opita ku masipika. Ndatopa nalo funso loti "ndi ma watts angati?" ngati kuti nambala ya pa katoni ndiye imagwedeza sipika.

Ineyo zinandionekera. Chaka chatha ndinagula ampu mushopu ina mtauni, dzina lake silidziwika olo pang'ono koma kutsogolo timagetsi tabuluu tophethira, pa katoni analemba 5000W PMPO zilembo zazikulu ngati chikwangwani cha minibasi. Ndinapita nayo ku phwando lina ku Matero, ndamangirira masipika anayi, awiri mbali iyi awiri mbali inayo. Poyamba zinali bhobho, koma bass ya kalindula itangolowa azimayi atamanga zitenje m'chiuno, mawu anayamba kukanda m'makutu, ampu yatentha moti ukanakazingirapo dzira, kenako zii. Ma tweeter awiri, timasipika ta mawu ang'onoang'ono tija, anapsa tsiku lomwelo, ndipo mayi mwini phwando mpaka lero akandiona amangoyang'ana kumbali.

M'mawa mwake ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza mawailesi ku Kamwala. Sanatsegule ndi komwe, anangoitembenuza n'kusolola fyuzi kumbuyo, anandionetsa palembedwa 3A. Akuti bosi, malaiti athu ndi 230 volts, chulukitsani ndi 3, mupeza ma watts 690, manje 5000 yanuyo ikuchokera kuti? Ndinangoseka chamanyazi. Ampu singatulutse mphamvu yoposa imene ikukoka kukhoma kwa nthawi yaitali, PMPO ija ndi nambala yogulitsira malonda chabe. Funsani ya RMS, mphamvu imene ampu imatha kutulutsa mosalekeza, ndipo funsaninso kuti pa ma ohm angati, muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi kudutsa.

Apa pa ma ohm ndi pamene pagona nkhani. Sipika ya 8 ohm ndi katundu wopepuka kwa ampu. Mukamangirira awiri otere pamodzi mbali imodzi zimatsika kufika 4, mukaika anayi zafika 2, ndipo nambala ikamatsika ampu ikufunika kukankha current yambiri, zili ngati wilibala imene mukungoonjezera matumba a simenti koma wokankha ndi yemweyo. Chinanso chimene ambiri sitidziwa, sipika yolembedwa 8 ohm sikhala pa 8 nthawi zonse, imasinthasintha malinga ndi mawu amene akudutsa, pena imagwa mpaka 3. Masipika ovuta ndi amenewo, ampu yofooka imafika pamenepo n'kugwada.

Ndiye poyerekeza ma ampu ine masiku ano ndimayang'ana ma watts amene ampu imapereka pa 8, 4 ndi 2 ohm. Tengani Crown XLS 1502, mbali iliyonse imapereka 300 pa 8 ohm, 525 pa 4, ndi 775 pa 2, mukuona kuti katundu akamalemera iyo ikuonjezera mphamvu osati kuthawa. Ndi ya Class D, mtundu wa ampu wosawononga magetsi ambiri, yopepuka moti mwana wa sukulu atha kuinyamula dzanja limodzi, sifika ndi 5kg. Pomwe Peavey CS800 yakale ija, imene mabandi ambiri anakulira, ndi 400 mbali iliyonse pa 4 ohm koma kulemera kwake ngati thumba la ufa chifukwa cha transformer yaikulu ili mkatimo. Madala ena amalumbira kuti bass ya chitsulo cholemera ndiye yeniyeni, Class D ndi zoseweretsa. Ine ndamvera zonse ziwiri pabwalo ndipo kunena zoona msana wanga unavotera yopepukayo, makutu sanadandaule.

Kwa aja a m'nyumba, okhala ndi ndalama zawo ku Kabulonga uko, nkhani ndi yomweyi koma mitengo ndi ina. Krell KSA-50 yakale inalembedwa 50 watts chabe pa 8 ohm, koma pa 4 imafika 100, pa 2 imafika 200, ndiye kuti kaampu ka "50" kameneka kamayendetsa masipika amene 5000 yanga ija sikanawatha olo mphindi zisanu. McIntosh ya ku America anatenga njira ina, ma ampu awo ambiri ali ndi autoformer, mtundu wa transformer wa kumbali yopita ku sipika, moti mphamvu imakhala yofanana kaya mwaika 8, 4 kapena 2 ohm. A Bryston ku Canada amapereka waranti ya zaka 20 pa ma ampu awo, apo ndiye umadziwa kuti munthu akukhulupirira chimene wapanga. Koma ampu ya mtundu wa Class A ngati Krell ija imadya magetsi olo nyimbo isakuyimba, yambiri imangosanduka kutentha, ndipo ife tinaona mu 2024 madzi atachepa ku Kariba mmene tinakhalira pa inverter ndi jenereta maola ambirimbiri. Class D imasandutsa pafupifupi 90 peresenti ya magetsi kukhala mphamvu yopita ku sipika, ndiye pa kajenereta kakang'ono kusankha sikuvuta.

China chimene chinandidabwitsa, anthu timaopa kuti ampu yaikulu iotcha sipika, koma kawirikawiri yaing'ono ndiye imapha. Ukaikakamiza kupitirira mphamvu yake imayamba clipping, mawu amadukaduka nsonga n'kukhala okanda, ndipo zokandazo zimathamangira ku tweeter mpaka kawaya kake kapsa. Kagetsi kofiira kochenjeza za clipping kaja kakamayaka osazima si kokongoletsa ayi, bwezani volume. Ma DJ athu ena amakaona ngati disiko laiti.

Musaiwalenso kuyang'ana sensitivity ya sipika, kutanthauza phokoso limene imatulutsa pa watt imodzi, ija amalemba ma dB, muyeso wa kukula kwa mawu. Kuwirikiza ma watts kawiri kumangoonjezera 3dB basi, kusiyana kochepa zedi, ndipo kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza pafunika 10dB, kutanthauza mphamvu kakhumi. Ndiye sipika ya 97dB pa 100 watts ikufanana ndi ya 87dB pa 1000 watts. Mpingo wina kwathu kuno unasonkha ndalama miyezi ingapo kugula ampu yaikulu pomwe vuto linali masipika ogontha, bwenzi atangosintha mabokosi.

Ampu yanga ya 5000 ija ikadali pansi pa bedi, mkazi wanga akuti ndigulitse koma ndigulitsa kwa ndani ine ndikudziwa zili mkatimo. Timagetsi tabuluu tokha ndiye tikuyakabe bwinobwino.

Wowerenga wanu,
Chilenje, Lusaka