Chopereka cha mishoni si cha mayiko olemera okha

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi Akatolika anzanga, komanso ndi aliyense amene anaphunzirapo pasukulu ya mishoni kapena kugonekedwapo m'chipatala cha masisitere, pa nkhani ya ntchito imene Mpingo wa Katolika umagwira pakati pa anthu osauka a m'mayiko akutali. Chaka chilichonse mu Okutobala, kutatsala sabata imodzi kuti lifike Lamulungu lomaliza la mweziwo, Akatolika a dziko lonse lapansi amasonkha chopereka cha mishoni, monga anakhazikitsira Papa Pius XI mu 1926. Ndalama za tsiku limeneli sizikhala paparishi, koma zimalowa m'thumba limodzi lothandizira madayosizi osauka kulikonse kumene ali. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ambiri mwa ife timaponya m'mbale monyinyirika pa tsikuli, poganiza kuti umishonale ndi ntchito ya azungu ndipo gawo lathu ndi kulandira basi. Mbiri ya ntchitoyi ikutsutsa maganizo amenewa.

Thumba limene tikunenali silinayambitsidwe ndi mafumu kapena anthu achuma. Mtsikana wina wa ku Lyon, m'dziko la France, dzina lake Pauline Jaricot, ndiye anaganiza zogawa anthu m'magulu a khumikhumi, makamaka amayi ogwira ntchito yoluka nsalu za silika, kuti aliyense azipempherera amishonale tsiku ndi tsiku ndi kupereka kakobiri kamodzi pa sabata. Mtsogoleri wa anthu khumi ankatolera timakobiriti n'kukapereka kwa woyang'anira magulu khumi, iyenso n'kupititsa kwa wamkulu wake, mpaka ndalama zikafike kumene zikufunika. Mu 1822 dongosololi linasanduka bungwe lofalitsa chikhulupiriro, limene patatha zaka 100 linaikidwa m'manja mwa Papa. Amayiwa sanali ndi zambiri, ndipo Pauline mwiniwake anamwalira ali mmphawi mu 1862. Chodabwitsa n'chakuti gawo lalikulu la zopereka zoyambirirazo linapita ku Louisiana ndi ku Kentucky, m'dziko la United States, limene mpaka mu 1908 mpingo unkaliwerengera m'gulu la mayiko a mishoni. Lero Akatolika a kumeneko ali m'gulu la opereka kwambiri m'thumba lomwelo, ndipo apa mpamene ndimavomereza kuti akuluakulu sananame ponena kuti kupatsa n'kuika.

Pa za maphunziro ndingotchula nkhani imodzi ya ku Caracas, m'dziko la Venezuela. Mu 1955 wansembe wa chipani cha Majezuwiti, Bambo José María Vélaz, ankayendera anthu okhala m'zisakasa za kunja kwa mzindawo pamodzi ndi ophunzira a payunivesite, ndipo anaona kuti ana akumeneko alibe sukulu. Mmisiri wina womanga nyumba, Abraham Reyes, ndi mkazi wake Patricia, anapereka mbali ya nyumba imene anaimanga ndi manja awo kwa zaka zambiri, kuti ikhale kalasi. Mipando munalibe, ana ankakhala pansi. Kuchokera m'nyumba imeneyo munabadwa gulu la masukulu lotchedwa Fe y Alegría, limene tsopano likuphunzitsa ana osauka m'mayiko oposa 20, kuphatikizapo Chad ndi Madagascar. Wansembe anabwera ndi maganizo, koma denga linachokera kwa munthu wa pamalopo.

Nkhani ya zipatala ndiyo imandikhudza kwambiri, chifukwa ikuonetsa kuti mpingo nawonso unachita kuphunzira. Kwa nthawi yaitali malamulo a mpingo sankalola masisitere kuchita opaleshoni kapena kugwira ntchito ya uzamba. Dokotala wina wamkazi wa ku Austria, Anna Dengel, atagwira ntchito ku Rawalpindi kuyambira mu 1920, anaona amayi akufa pobereka chifukwa mwambo wawo sunkalola kuti aonedwe ndi dokotala wamwamuna, pamene madokotala aakazi anali ochepa kwambiri. Iye anayambitsa chipani cha Medical Mission Sisters mu 1925, ndipo mu 1936 Roma inachotsa chiletso chija. Chaka chotsatira Mayi Mary Martin wa ku Ireland anayambitsa chipani cha Medical Missionaries of Mary ali ku Nigeria. Sisitere aliyense amene lero amathandiza mayi kuchira m'chipatala cha kumudzi akuyenda m'njira imene amayi amenewa analambula movutikira, nthawi zina motsutsana ndi akuluakulu a mpingo wawo womwe.

Komabe chipatala chimene ndikufuna kuti owerenga achiganizire bwino ndi cha St Mary's ku Lacor, pafupi ndi Gulu, kumpoto kwa Uganda. Anachitsegula ndi amishonale a chipani cha Comboni mu 1959, ndipo mu 1961 kunafika madokotala awiri, Piero Corti wa ku Italy ndi Lucille Teasdale wa ku Canada, amene anakwatirana n'kukhazikika komweko. Iwo akanatha kumangochiza odwala mpaka kukalamba, koma anaika mtima pa kuphunzitsa anamwino ndi madokotala a ku Uganda komweko. Dokotala Teasdale anatenga kachilombo ka HIV pochita maopaleshoni, ndipo anamwalira mu 1996. Pa nthawi ya nkhondo ya zigawenga, anthu zikwizikwi, makamaka ana, ankabwera madzulo kudzagona m'makonde ndi pabwalo la chipatalacho poopa kubedwa m'midzi mwawo. Mu 2000 matenda a Ebola atabuka ku Gulu, amene anatsogolera nkhondo yolimbana nawo sanali mzungu ayi, koma Dokotala Matthew Lukwiya, mwana wa dera lomwelo, amene anali mkulu wa madokotala pachipatalapo. Iye anali ku Kampala pamene anamva kuti anamwino ophunzira akufa ndi nthenda yosadziwika, anabwerera msanga, anapatula odwalawo m'chipinda chawochawo n'kudziwitsa boma. Anatenga matendawo akuthandiza namwino wina wa pachipatalapo amene anali atadwala, ndipo anamwalira mu Disembala chaka chomwecho, monganso antchito ena angapo a chipatalacho. Nditchulenso kuti Dokotala Lukwiya sanali Mkatolika, chinthu chimene chiyenera kuchititsa manyazi aliyense woganiza kuti chipatala cha mishoni ndi cha anthu a mpingo umodzi. Chipatala cha Lacor chikugwirabe ntchito lero chifukwa oyambitsa ake anasiya anthu odziwa ntchito, osati makoma okha.

Sindikunena kuti mbiri yonse ya umishonale ndi yoyera. Alipo amishonale amene ananyoza zilankhulo ndi miyambo ya anthu amene anawapeza, ndipo ena anayenda limodzi ndi atsamunda. Mu 2022 Papa Francis anapita ku Canada kukapepesa chifukwa cha nkhanza zimene ana a eni dziko anakumana nazo m'masukulu ogonera komweko, amene ambiri mwa iwo ankayendetsedwa ndi mpingo. Zimenezi siziyenera kubisidwa, ndipo ndi chifukwa china chimene ndikunenera kuti ntchito yothandiza anthu imayenda bwino pamene othandizidwawo ali ndi mawu pa kayendetsedwe kake.

Vuto la masiku ano ndi lina. Ku Ulaya achinyamata olowa unsembe ndi usisitere achepa kwambiri, ndipo mmishonale wokalamba akabwerera kwawo kapena akamwalira, kawirikawiri thandizo limene ankalipempha kwa abale ndi akhristu a kwawo limathera pomwepo. Sukulu kapena chipatala chimatsala m'manja mwa dayosizi imene ilibe chuma, ndipo njira yapafupi imakhala kukweza fizi kapena mtengo wa mankhwala. Mapeto ake sukulu imene inamangidwira ana a anthu osauka imadzaza ndi ana a anthu opeza bwino. Nawonso opereka thandizo ali ndi chizolowezi chimene sindigwirizana nacho: amakonda kumanga nyumba yatsopano imene angaijambule ndi kulembapo dzina lawo, koma safuna kumva za malipiro a mzamba, mafuta a ambulansi, kapena kukonza denga lodontha la wodi ya ana. Chipinda cha opaleshoni chopanda dokotala sichipulumutsa munthu.

Kuno kwathu amishonale a Montfort anafika ku Nzama mu 1901, ndipo a White Fathers anakhazikika ku Mua mu 1902. Papita zaka zoposa 120, ndipo tsopano ansembe ndi masisitere a ku Africa akutumikira m'mayiko ena, ngakhale ku Ulaya kumene. Ngati tatha kutumiza anthu, sitingalephere kutumiza kangachepe kothandiza mwana wa ku South Sudan, ku Haiti kapena ku Papua New Guinea, amene umphawi wake nthawi zina umaposa wathu.

Pempho langa likupita mbali ziwiri. Kwa akhristu, ndikupempha kuti nkhani ya chopereka cha mishoni izikambidwa m'miphakati mwezi wa Okutobala usanafike, ndipo tiyese njira ya Pauline Jaricot yosonkha pang'onopang'ono sabata ndi sabata, m'malo mofufuza m'thumba tsiku lomwelo mbale ikudutsa. Kwa maepiskopi athu ndi oyang'anira mabungwe a mishoni a Papa, ndikupempha kuti chaka chilichonse azilengeza m'matchalitchi, m'Chichewa ndi m'zilankhulo zina zimene anthu amamva, ndalama zimene parishi iliyonse yasonkha, zimene dziko lathu lalandira kuchokera m'thumba la mpingo wonse, ndi masukulu kapena zipatala zimene zathandizidwa. Ndipo pogawa thandizo lolandiridwalo, maphunziro a anamwino, azamba ndi aphunzitsi aziikidwa patsogolo pa zomangamanga zatsopano.

Ine wanu,
Mkatolika wowerenga nyuzipepala yanu