Amwene, mverani za ulendo wathu wa m'mamyuziyamu

Amwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, kwangoyamba kutentha basi. Paja ndinakulonjezani kuti za ulendo wathu wa mu Ogasiti ndidzachita kulemba bwinobwino chifukwa pa WhatsApp sizikanakwana, ndiye ndi izi.

Chinayambitsa zonsezi ndi mwana wanu wamkulu uja, wa sitandade 7. Anabwera kuchokera kusukulu n'kundifunsa kuti adadi n'zoona kuti ku Malawi kuno kunali ma dinosaur? Ndinamuyankha kuti eya ku Karonga, koma atafunsa kuti inu munawaonako ndinangoti chete. Inu ndi ine takulira mu Blantyre momwemu, pa Chichiri tadutsapo kambirimbiri popita ku mpira pa Kamuzu Stadium, koma myuziyamu ija tinkangoti ndi ya azungu ndi ana asukulu obwera pa basi. Zinandikhudza amwene. Nditatenga holide kuntchito ndinati tiyeni tizungulire dziko lathu lomweli.

Tinayambira pa Chichiri pomwepo. Panja pali chisitima chakale chija choyendera nthunzi ndi galimoto yozimitsira moto, ana anakakamira pomwepo mpaka kuchita kuwakoka. Mkati ine chomwe chinandiimitsa ndi mwala umene unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981, wolemera makilogalamu oposa 90. Mwala wochokera kunja kwa dziko lapansi, uli phee mu Blantyre zaka zonsezi ife osadziwa.

Mawa lake tinalowera ku Mangochi. Lake Malawi Museum ndi yaing'ono, ili pafupi ndi wotchi ija ya Queen Victoria cha ku mlatho wa Shire. Muli nkhani ya sitima yankhondo ya Guendolen imene mu Ogasiti 1914 inapita kukaphulitsa sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ku tsidya la nyanja, ku Liuli, ena kumeneko asanamve n'komwe kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse yayamba. Mfuti yake ili panja pafupi ndi wotchiyo. Pomwepo palinso chikumbutso cha sitima ya Vipya imene inamira mu 1946 n'kupha anthu 145. Agogo anga ankaitchula Vipya imeneyi koma ine ndinkaiyesa nthano chabe.

Koma amwene, ngati pali malo amene ndikufuna mudzafikepo ndi ku Mua. Kuchoka ku Mangochi timadzera ku Golomoti n'kukhota cha ku Mtakataka, mishoni ija ya Akatolika imene a White Fathers anayambitsa mu 1902. Pamenepo pali Kungoni Centre, anaiyambitsa ndi bambo Claude Boucher ochokera ku Canada mu 1976, anthu anawapatsa mfunda woti Achisale chifukwa cha mmene analowerera m'chikhalidwe chathu. Myuziyamu yake amaitcha Chamare. Makoma akunja onse anajambulapo mbiri, kuyambira ku Kaphirintiwa, kubwera kwa Angoni, Ayao, amishoni, mwana ukhoza kumuphunzitsa history yonse musanalowe n'komwe pakhomo. Ndiye mukalowa m'chipinda cha gule wamkulu, eee. Nkhope mazanamazana zapachikidwa kuzungulira mpaka kumwamba, zonse zikukuyang'ana. Chadzunda, Maliya, Simoni wofiira uja, Kasiyamaliro. Mukukumbuka mmene tinkathawira zilombo kwa agogo anu ku Dedza, kubisala kuseri kwa nkhokwe mtima uli phaphapha? Mantha omwe aja anandibwereranso pang'ono, sindikunama. Koma amene ankatiyendetsa anafotokoza modekha kuti chilombo chilichonse chili ndi mwambo wake, china chikudzudzula ulesi, china chiwerewere, china mwamuna wankhanza pabanja, china mfumu yodyera anthu ake. Ife tinkangoona zoopsa, osadziwa kuti ndi sukulu yathunthu. Ndipo ndinaona kuti amafotokoza mwaulemu, zakudambwe zenizeni sanaziulule, zomwe ine ndinagwirizana nazo chifukwa eni ake gule akadalipo ndipo akuvinabe, si zinthu zakufa ayi. UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamuzindikira gule wamkulu mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse, koma kwa ine chachikulu n'choti mwana wanga anatuluka mmenemo akufunsa mafunso m'malo monyoza. Palinso chipinda cha Angoni ndi Ayao, zishango, mikondo, za jando ndi nsondo. Panja amisiri akusema ziboliboli pamaso panu, Yesu ndi Mariya a nkhope zachichewa, ntchito yoti ukaiona umachita kudabwa kuti ndi mtengo womwewu. Ndakugulirani kachiboliboli kamodzi, kakudikira.

Kuchoka apo tinakwera Khwekhwerere kupita ku Dedza, msewu wokhotakhota uja, n'kukaona zojambula za m'mapanga ku Chongoni. Iyi si myuziyamu ya denga koma ndi myuziyamu ndithu. Malo onse ojambulidwa alipo 127 ndipo analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Ife tinafika pa Mphunzi ndi pa Chentcherere. Zofiira zija ndi za Akafula amene anali kuno Achewa asanabwere, zoyera ndi za makolo athu, zina zokhudza chinamwali cha atsikana zina za nyau. Apa pokha ndi pamene mtima unandipweteka, anthu ena analemba maina awo ndi makala pamwamba pa zojambulazo. Chinthu chakhala zaka mazanamazana munthu n'kubwera kudzalembapo dzina lake ndi la chibwenzi chake, zoona? Mpaka pano zikundinyansabe.

Ulendo wa ku Karonga ndi wautali amwene, tinagona ku Mzuzu ana atatopa zedi. Koma titatsika Chiweta n'kuona nyanja ili mbee kumunsi kutopa konse kunatha. Myuziyamu ya ku Karonga inatsegulidwa mu 2004 ndipo mukangolowa mukukumana naye Malawisaurus, mafupa oumbidwa motengera enieni, kutalika pafupifupi mamita 12, khosi lokhalokha kutalika ngati minibasi. Chinyama chimenechi chinkayenda m'dera lomwelo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mwana uja anangoti kukamwa yasa, kenako n'kundigwira dzanja n'kunena kuti ndiye n'zoonadi. Ndalama zonse za mafuta zinabwerera pomwepo. Palinso nkhani ya chibwano cha munthu wakalekale chimene anachipeza ku Uraha mu 1991, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, akatswiri amati Homo rudolfensis. Kenako mbiri imayenda mpaka kwa Mlozi wogulitsa akapolo uja amene ananyongedwa ku Karonga komweko mu 1895, n'kudzafika nthawi ya Kamuzu ndi matipate. Zonse m'nyumba imodzi, ndipo ndinasangalala kuona ana asukulu akumeneko ali mbwee ndi makope awo.

Pobwerera tinakwera ku Livingstonia kudzera pa Chitimba, msewu wa Gorodi wa makona 20 aja, mayi a kunyumba anangotseka maso mpaka pamwamba. Ku Stone House, nyumba imene ankakhala Dr Robert Laws, kuli zipangizo zake zachipatala, makalata ndi zithunzi zakale. Titaima kumtunda kuja n'kuyang'ana pansi ndinakumbukira kuti Vipya ija ya ku Mangochi inamirira cha kufupi ndi Chitimba pomwepo, mwera utakalipa. Madzi anali bata tsiku limenelo koma ndinakhala kaye duu.

Ndiye pempho langa ndi ili. Munati mu Disembala mukubwera. Ndikudziwa kuti masabata atatu ndi ochepa, pali azibale oti muwaone, pali ziliza, pali zaku banki, koma ndipatseniko masiku anayi okha. Ana anu akulankhula chizungu ndi Chizulu, Chichewa akungomva pang'ono, ndipo tsiku lina munandidandaulira nokha kuti wamng'onoyo anafunsa ngati ku Malawi kuli chilichonse kupatula nyanja ndi nsima. Tiyeni tikawaonetse. Karonga mwina atalika ndi mvula, koma Mua ndi Chongoni n'zotheka, galimoto ilipo, mafuta tidzasonkherana. Mundiuze msanga madeti anu kuti ndipemphe tchuthi kuntchito nthawi ikadalipo.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti chambiko ndi ufa woyera uja ndatumiza kale pa basi ya Lachisanu.

Ndine wanu,
mnzanu wa ku Chilomoni