Kuno ku Britain chigaza cha munthu chimagulidwa pa okushoni

Akonzi,

Ndiloleni ndipereke dandaulo langa kudzera m'nyuzipepala yanu. Ndimakhala ku Britain, dziko lokonda kulangiza anzake za ufulu wachibadwidwe. Koma kuno munthu akhoza kugula chigaza cha munthu mnzake n'kuchikhazika pa shelefu pabalaza, apolisi osamufunsa kanthu.

Mu Okutobala 2024, kampani ina ya okushoni ku Tetsworth, m'dera la Oxfordshire, inalengeza kuti igulitsa chigaza cha munthu wa mtundu wa Naga wa ku India, cha m'zaka za m'ma 1800, chomangiriridwa nyanga za nyama. Pamndandanda womwewo panalinso zigaza zochokera ku Africa. Anthu a ku Nagaland atakwiya, nduna yaikulu ya dera lawo, a Neiphiu Rio, analembera boma la India kuti lilowererepo, ndipo malondawo anaimitsidwa. Anawaimitsa ndi manyazi basi, chifukwa palibe lamulo limene linathyoledwa. Lamulo la kuno la Human Tissue Act la 2004 silikhudza mafupa a munthu amene anamwalira zaka zoposa 100 zapitazo.

Chondipweteka n'chakuti ku England komweko, kufukula manda popanda chilolezo ndi mlandu kuyambira 1857. Azigogo awo agone mumtendere, a eni ake amene anatengedwa nthawi ya atsamunda aziikidwa mtengo m'mapaundi?

Osonkhanitsa mafupawa amati n'zinthu zakale, n'zophunzirira, ndipo sakupweteka aliyense. Ife Amalawi sitinganamizidwe choncho. Kwathu kumanda sulowako mwachisawawa: mfumu ivomereze kaye, adzukulu atsogole ndi makasu awo. Komabe tinaona manda a abale athu achialubino akufukulidwa usiku, mabanja mpaka kuthira konkire pamitumbira ndi kumalondera ngati akulondera nkhokwe. Wofukulayo sankafuna mafupawo kuti asunge, ankadziwa kuti kwinakwake kuli wogula. N'chifukwa chake mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa chilango kwa wopezeka ndi ziwalo za munthu. Dziko la India, limene linkadyetsa masukulu a udokotala a kunja ndi mafupa, linaletsa kuwatumiza kunja mu 1985. Mafupa amene anatuluka kale aja akuzungulirabe, lero akutsatsidwa pa Instagram ndi pa Facebook, ndipo wogula sangadziwe ngati mwini chigazacho anamwalira mu 1890 kapena mu 1980.

Mu Marichi 2025, gulu la aphungu a kuno lotsogoleredwa ndi mayi Bell Ribeiro-Addy linapempha kuti kugulitsa mafupa a anthu kuletsedwe. Ndikupempha unduna wathu wa zakunja ndi kazembe wathu ku London alembere boma la Britain kugwirizana ndi pempholi. Afunsenso nyumba zosungira zinthu zakale za kuno ngati m'mabokosi awo muli mafupa olembedwa kuti Nyasaland.

Ine wanu,
Mmalawi wokhala ku Leicester