Musamangodzudzula amayi pa nkhani ya sikelo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa mawu amene timawamva kawirikawiri, oti amayi akumudzi amanyozera sikelo mwana akangobayitsa katemera wa chikuku wa miyezi 9. Ine ndimayenda khomo ndi khomo kukumbutsa amayi tsiku la sikelo. Zoona ambiri amasiya, koma si ulesi ayi.

Kwathu sikelo imachitikira pansi pa mtengo wa mango, kamodzi pamwezi. Mu Januwale mayi amasiya khasu udzu uli thoo m'munda, kubereka mwana, wina kumugwira padzanja, kuwoloka mtsinje madzi olekeza m'mawondo. Akhala pamenepo mpaka dzuwa paliwombo, kenako uthenga ndi uwu: lero alangizi sabwera, katemera sanafike. Tsiku limenelo ganyu yapita, ufa wa madzulo wapitanso. Mwezi wotsatira ndikamuuza kuti tiyeni, amangondifunsa, "Mwatsimikiza kuti abwera?" Ndiyankhe chiyani?

Alangizi a zaumoyo sindikuwaimba mlandu, ena amapalasa njinga mtunda wautali atamangirira bokosi la katemera kumbuyo. Koma mafoni alipo. Chovuta n'chiyani kuimbira amfumu dzulo lake kuti anthu asavutike ulendo?

Chinanso ndi pakamwa. Buku la kusikelo likanyowa chifukwa denga ladontha, mayi amakalipidwa. Mwana akatsika sikelo, kalamba koyezera pamkono kakafika pachikasu, amafunsidwa pamaso pa anzake ngati kunyumba kwake amaphika. Wotumbiza ndiye amasekedwa mpaka kufunda chitenje kumutu. Chomvetsa chisoni n'choti amene amathawa manyaziwa ndi yemwe mwana wake akufunika chiponde.

Komanso amayi ambiri amaganiza kuti pa miyezi 9 katemera watha. Pamzere palibe wowafotokozera modekha kuti wachikuku wachiwiri ndi pa miyezi 15, kapena kuti wa malungo, amene anayamba m'maboma ena mu 2019 kuphatikizapo kuno, womaliza wake amabaya pa miyezi 22. Tsiku limangolembedwa m'buku, pomwe ena mwa amayiwa sadziwa kuwerenga.

Pempho langa kwa akuluakulu a zaumoyo ndi loti miyezi ya dzinja sikelo iziyamba masana anthu ataweruka kumunda, ndipo ikalephereka tiziuzidwa tsiku lina sabata yomweyo, osati kudikira mwezi wathunthu.

Wodzipereka wa m'mudzi,
Ntchisi