Pulojekiti ya chaka chomaliza si chionetsero cha timagetsi tophethira

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhulepo za achinyamata amene akumaliza digiri ya uinjiniya, makamaka pa pulojekiti ya chaka chomaliza ija munthu amachita yekha popanda gulu loti abisalemo. Ine ndimagwira ntchito ya uinjiniya ndipo ophunzira amabwera kawirikawiri kudzandifunsa nzeru, ndiye zimene ndakhala ndikuona zandikwana mpaka ndati ayi ndilembe basi.

Mavuto amayambira pa mutu penipeni. Mwana akubwera ndi mutu wautali mizere itatu, akuti apanga makina odziyendetsa okha, olumikizidwa ku intaneti, oyendera dzuwa komanso otumiza meseji pafoni, zonsezi m'masemesita awiri chikhalirecho ali ndi makosi ena oti alembe mayeso. Ukamufunsa kuti achimwene nanga funso lomwe mukufuna kuyankha ndi liti, amangoti ndikufuna zigwire ntchito. Walira mvula walira matope, mutu waukulu umabwera ndi ntchito yake ndipo nthawi siidikira munthu. Mutu wabwino umakhala waung'ono koma woyezeka, monga kufufuza kuti mota iyi ikudya magetsi ochuluka bwanji ukasintha liwiro lake, kapena kuti konkire ikulimba bwanji ukachotsako pang'ono simenti n'kuikamo phulusa. Sizimveka zapamwamba eti, koma pamenepo pali zoyeza, pali manambala, pali choti ufotokoze pamaso pa anthu.

Ndiye pali zinthu zina zomwe sungazithamangitse ngakhale utagona mu labu. Amene akuchita za zomangamanga akudziwa kuti timabuloko ta konkire timaswedwa pa makina pakatha masiku 7 kenako masiku 28, ndipo mphamvu yomwe aliyense amaidalira ndi ya pa 28 ija. Munthu ukaumba timabuloko tako kwatsala masabata atatu kuti upereke lipoti, ndiye kuti zako zada, palibe pemphero lomwe lingaumitse konkire msanga, ndipo apa ndi pomwe ena amayamba kupeka manambala. A zamagetsi nawonso ali ndi zawo. Zipangizo zoitanitsa zimatenga masabata kuti zifike, ndipo choyamba chimapsa kawirikawiri. Ndaonapo mnyamata wina atalumikiza mota mwachindunji ku pini (kamwendo kolumikizapo waya) ya Arduino Uno, kabodi kakang'ono kamene umakaikira pulogalamu kuti kaziyendetsa zipangizo, pini yomwe imayenera kutulutsa magetsi a cha m'ma 20 mA (ma milliamp, muyeso wa magetsi oyenda m'waya), pomwe kamota kakang'ono komwe kamakoka mazana a mA makamaka poyamba kuzungulira. Bodi inangotentha, pini ija kufa, iye maso ali tong'o kuyang'ana laputopu kuganiza kuti vuto ndi pulogalamu. Chimafunika pamenepo ndi transistor kapena motor driver, tizipangizo tonyamula magetsi a mota m'malo mwa pini, ndi diode yoteteza ku magetsi obwerera mota ikazima, ndipo zonsezi zinalembedwa mu datasheet, chikalata cha wopanga chofotokoza za chipangizocho, yomwe sanaitsekule n'komwe. Gulani ziwiriziwiri tizipangizo totchipa, ndipo werengani datasheet musanagwire waya.

Koma nkhani yanga yeniyeni ili pa tsiku la pulezentesheni. Tazolowera kuombera m'manja chinthu chikayaka, timagetsi tikuphethira, fani ikuzungulira, meseji yafika pafoni, aliyense kumati mwanayu ndi katswiri. Abale, chinthu kuyaka kamodzi pamaso pa aphunzitsi si uinjiniya. Funso ndi loti sensa yakoyo unaiyerekeza ndi chiyani kuti udziwe kuti ikunena zoona? Ngati ikuyeza kutentha, unaiikapo limodzi ndi thermometer yodalirika m'madzi ozizira ndi otentha n'kuona kusiyana kwake? Unabwereza kangati kuyezako, nanga manambala anamwazikana bwanji? Ma galafu ena amabwera opanda ngakhale mayuniti, mzere ukungokwera basi kaya ndi ma volt kaya ndi masekondi. Wina aziti ndikukokomeza tinthu tating'ono, koma mu 1999 NASA, bungwe la ku America loona za mlengalenga, inataya chombo cha Mars Climate Orbiter chifukwa gulu lina limawerengera mphamvu mu ma pound pomwe linzake limayembekezera ma newton, chombo chinatsika kwambiri kufupi ndi Mars n'kutayika. Amenewo anali akatswiri okhaokha, nanga ife.

Tikumbukirenso chifukwa chake pulojekitiyi ilipo. Mgwirizano wa Washington Accord unasainidwa mu 1989 ndi mabungwe oona za maphunziro a uinjiniya a ku Australia, Canada, Ireland, New Zealand, UK ndi USA, ndipo mayiko ena analowamo pambuyo pake. Cholinga chinali choti digiri yovomerezeka kwina izivomerezekanso kwa anzawo, ndipo mwa zomwe amayembekezera kwa womaliza maphunziro ndi zoti azitha kufufuza vuto lovuta, kukonza njira yolithetsera, kusanthula deta ndi kufotokoza zomwe wapeza. Pulojekiti yapayekha ndi malo amodzi pomwe zonsezi zimaonekera pa munthu mmodzi. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikamva kuti ena akugula pulojekiti yopangidwa kale, kapena kukopera zonse pa YouTube mpaka mtundu wa mawaya, kapena kulembetsa lipoti lonse ku AI. Munthu wotere amagwa ndi funso limodzi lokha, mwaikiranji resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi oyenda m'waya) ya 10 kΩ apa osati ina? Zii. Ndipo mawa ndi yemweyo adzasainire pulani ya mlatho kapena mawaya a nyumba yomwe muzigonamo inu ndi ine.

Ophunzira, lipoti silembedwa sabata yomaliza. Khalani ndi kabuku kolembamo tsiku lililonse zomwe mwayesa, zomwe zakanika, manambala omwe mwapeza ndi deti lake, chifukwa pakatha miyezi inayi simudzakumbuka chomwe munasinthira dizaini. Ndipo sungani ntchito yanu malo awiri kapena atatu, Git, pulogalamu yosunga mafayilo ndi mbiri ya zomwe mwasintha, ilipo yaulere chiyambire 2005, ngati yakuvutani dzitumizireni pa imelo, fulashi imafa osatsanzika.

Kwa a supavaiza, ndi ulemu wonse mabwana, inunso muli ndi mbali yanu. Ena mwa inu mumavomera mutu wosatheka pa tsiku loyamba kenako kusowa mpaka mwezi womaliza, wophunzira akungogogoda pa ofesi yotseka, ndiye pamapeto muli oyamba kumukalipira. Kukumana naye mphindi 20 pa masabata awiri aliwonse kukanapulumutsa ambiri. Komanso ana amapeka zotsatira chifukwa akudziwa kuti kunena kuti dizaini yanga sinafike pomwe ndimafuna ndi kudzipha okha pa malikisi. Wophunzira amene wabwera ndi makina osagwira bwino koma akuonetsa ndi manambala pomwe pakutayika mphamvu, ndi chomwe angasinthe atapatsidwa mwezi wina, ameneyo ndingamulembe ntchito mawa lomwe, kusiyana ndi uja wa timagetsi tophethira amene sakudziwa chomwe chikuchitika m'kati mwa bokosi lake. Pempho langa kwa madipatimenti a uinjiniya ndi loti kabuku ka tsiku ndi tsiku kaja kazikhala ndi malikisi akeake, supavaiza azikasainira nthawi iliyonse akakumana ndi wophunzira, ndipo pa tsiku la pulezentesheni kazikhala patebulo limodzi ndi lipoti.

Wowerenga wanu,
Injiniya wodandaula