Bwezani zizindikiro zanga zamagetsi, zizigwira popanda intaneti

Inu eni ake a pulogalamu yojambulira madayagiramu, ndalemba pano poyera chifukwa maimelo anga awiri mwangowayankha ndi uthenga wa makina.

Ine ndimaika magetsi a sola kuno ku Salima, kuyambira pa Kamuzu Road mpaka m'malo ogona alendo ku Senga Bay. Ndisanakwere padenga la munthu ndimayamba ndajambula zonse: mapanelo, kontrola, mabatire, inveta ndi mabreka. Zizindikiro zambiri zimene zimabwera ndi pulogalamu yanu ndi za ku America, kumene soketi zake ndi za 120V ndipo rezisita, kachipangizo kochepetsa kayendedwe ka magetsi, amaijambula ngati mano a sowo. Kuno magetsi athu ndi 230V, 50Hz, soketi za mabowo atatu ngati za ku Britain, ndipo ife tinazolowera zizindikiro za muyezo wa dziko lonse wotchedwa IEC 60617, momwe rezisita ndi kabokosi chabe. N'chifukwa chake ndinadzipangira gulu langalanga la zizindikiro. Ndinkachezera nazo usiku, chimodzichimodzi, n'kumaika timadontho tolumikizira pamalo pake penipeni: ka positive apa, ka negative apa, ka earth pansi. Ndikasuntha batire, mizere ya mawaya inkalitsatira yokha.

Mwezi watha munasintha pulogalamu osatifunsa, gulu lija n'kulisamutsira ku akaunti ya pa intaneti. Ndinazindikira ndili ku Lifuwu, laputopu ili pamiyendo, bambo mwini nyumba atakhala pambali panga kudikira kuona momwe ndiikire mabatire awo anayi. Netiweki inali kandodo kamodzi. Pomwe pamakhala zizindikiro zanga panali timabokosi topanda kanthu, kachizindikiro kodikiritsa kakungozungulira. Ndinachita kujambula ndi bolopeni kuseri kwa katoni ya inveta, bambowo akundiyang'ana ngati munthu wosadziwa ntchito yake.

Nditafika kunyumba n'kugula bandulo, zizindikiro zinabwera, koma zitasanduka zithunzi wamba. Timadontho tonse tinafufutika. Pano ndikasuntha inveta, mzere wofiira ndi wakuda zimatsala zili lende m'malere. Mwina kwa inu ndi nkhani ya kaonekedwe, koma mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito amalumikiza mawaya potsatira dayagiramu yomweyo. Pa DC, magetsi ochokera ku mabatire ndi mapanelo, ukasinthanitsa positive ndi negative ukhoza kuwotcha inveta, ndipo amene amalipira ndine.

Komanso musaiwale kuti ndimakulipirani m'madola. Chitsikireni mphamvu kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyo imandipweteka zedi, osanena za mavuto opezera ndalama zakunja kuti khadi idutse. Ndinapirira chifukwa pulogalamuyi inkagwira ndili kumudzi kopanda netiweki. Chimenecho n'chimene mwandilanda.

Ndikufuna mundibwezere gulu langa momwe linalili, timadontho take tili pomwepo. Mundipatsenso njira yolisungira ngati failo pa kompyuta yanga, kaya XML kaya SVG, yoti ndikhoza kuikopera pa fulashi. Ndipo andiyankhe munthu, osati makina onena kuti ndizime n'kuyatsanso. Ndazima n'kuyatsa kokwanira.

Lolemba likubwerali ndili ndi ntchito ku Chipoka, ndipo mwini wake akufuna aone dayagiramu asanatulutse ndalama ya mawaya. Mundiyankhe lisanafike tsikulo.